Phulusa la nyenyezi silinagwe mofanana

Malaiti akapita usiku mu June kapena July, ambili a ife timangodandaula za foni imene yatsala pang'ono kuzima. Koma amene anayesako kutuluka panja adziwa cimene cimaonekela komboni yonse ikakhala mu mdima: mzele waukulu woyela monga utsi, wodutsa thambo lonse. Umenewo ni mlalang'amba wathu, Milky Way, ndipo ife tili mkati mwake. Kuno ku Zambia tili na mwayi umene a ku Europe alibe, cifukwa cigawo cake cowala kwambili, kumene kuli pakati pa mlalang'amba, cimadutsa pafupi-fupi pamwamba pa mitu yathu m'miyezi yozizila. Mu December timayang'ana mbali ya kumalile, ndipo mzele uja umaoneka wofooka.

Na maso, kusiyana ni kwa kuwala cabe. Koma mbali ziwilizi zimasiyananso pa zinthu zimene zili nazo. Gasi na nyenyezi zatsopano za kufupi na pakati zili na oxygen, nitrogen na nsimbi yambili kupambana za kumalile. Panapita zaka zoposa 100 kuti anthu afike podziwa zimenezi, ndipo kangapo konse amene anaona zoona anauzidwa kuti alakwitsa.

Mu 1835, wafilosofi wa ku France, Auguste Comte, pofuna kupeleka citsanzo ca cinthu cimene munthu sadzacidziwa mpaka kale-kale, anasankha zimene nyenyezi zinapangidwa nazo. Maganizo ake anali omveka, pakuti palibe angapite kumeneko kukatapa kacidutswa n'kubwela nako mu labu. Comte anamwalila mu 1857. Patangopita zaka ziwili, ku Heidelberg ku Germany, Gustav Kirchhoff na Robert Bunsen, yemwe uja wa Bunsen burner ya kusukulu, anaonetsa kuti kupita kumeneko n'kosafunika. Kuwala kwa dzuwa kapena nyenyezi kukadutsa mu galasi la prism kumatambasuka monga utawaleza, ndipo mu utawalezawo mumakhala timizele twakuda. Elementi iliyonse ya pa periodic table ija tinaloweza mu Chemistry ili na timizele twake-twake, monga cidindo ca cala pa NRC. Ukadziwa kuwelenga timizele, wadziwa zimene zili mu nyenyezi.

Kudziwa kuti cinthu cilipo n'kosiyana na kudziwa kuculuka kwake. Apa m'pamene panabwela Cecilia Payne, mtsikana wa ku England amene anali kucita PhD ku Harvard ku America. Mu 1925 anapeza kuti nyenyezi n'zopangidwa maka-maka na hydrogen na helium, ndipo zina zonse n'tocepa. Panthawiyo akatswili anali kukhulupilila kuti dzuwa lili na zinthu zofanana na za dziko lapansi, kungoti n'lotentha. Henry Norris Russell, mkulu wolemekezeka pa nkhani za nyenyezi, anamuuza kuti zimene wapeza n'zosatheka, ndipo Payne analemba m'buku lake la digili kuti ciwelengelo ca hydrogen na helium mwina si ceni-ceni. Mu 1929 Russell yemweyo, podzela njila ina, anafika pa yankho limodzi-modzi.

Nchito ya Payne inasiyanso ganizo lina limene linakhala zaka zambili. Iye anaonetsa kuti nyenyezi zimaoneka zosiyana cifukwa ca kutentha kosiyana, osati cifukwa ca zinthu zosiyana. Pa nyenyezi zambili zimene anapima, zimenezi zinali zoona. Koma anthu anazitenga monga lamulo la kumwamba konse, kuti nyenyezi zonse zinaphikidwa mu mphika umodzi.

Cimene cinayamba kugwedeza ganizoli ni mdima wa mu tauni, wofanana na uja umatikwiyitsa. Pa nkhondo yaciwili ya padziko lonse, mzinda wa Los Angeles unali kucepetsa malaiti usiku poopa ndeke za Japan. Pa phili la Mount Wilson, pafupi na mzindawo, panali telesikopu ya galasi la mamita awili na hafu, imene inali yaikulu kupambana zonse panthawiyo. Asayansi ambili anali atapita ku nchito za nkhondo. Walter Baade anatsala, cifukwa anali nzika ya Germany, dziko la adani, ndipo sanaloledwe kugwila nchito zimenezo. Conco munthu amene boma linali kumukayikila ndiye anatsala na telesikopu komanso thambo lakuda bii. Mu 1944 anafalitsa zithunzi zimene kwa nthawi yoyamba zinaonetsa nyenyezi imodzi-imodzi pakati pa Andromeda, mlalang'amba waukulu woyandikana na wathu. Nyenyezi zowala kwambili za pakati zinali zofiila, pamene za m'mikono yopinda ya kunja zinali za buluu. Baade anati pali mitundu iwili ya nyenyezi, ndipo iliyonse ili na malo ake. Anaicha Population I na Population II.

Mu 1951, Joseph Chamberlain na Lawrence Aller anapima nyenyezi ziwili za mu mlalang'amba wathu, HD 19445 na HD 140283, ndipo anapeza kuti nsimbi na calcium n'zocepa kwambili mmenemo poyelekezela na dzuwa. Lelo tidziwa kuti HD 140283, poyelekezela na hydrogen wake, ilibe olo gawo limodzi mwa magawo 100 a nsimbi ya mu dzuwa, ndipo ni imodzi mwa nyenyezi zakale kwambili zimene tidziwa. Mphika sunali umodzi. Nyenyezi zakale n'zosauka pa maelementi olemela, zatsopano n'zolemela.

Cifukwa cake cinalembedwa bwino mu 1957, mu pepala lalitali la anthu anayi: Margaret Burbidge, mwamuna wake Geoffrey Burbidge, William Fowler na Fred Hoyle. Alastair Cameron wa ku Canada anafika pa mfundo zofanana caka comweco payekha. Margaret, tinene, anali kuloledwa kufika pa telesikopu ya Mount Wilson monga wothandiza mwamuna wake cabe, cifukwa akazi sanali kupatsidwa nthawi kumeneko, ngakhale kuti katswili wa kupima kuwala anali iye. Mfundo yawo inali yakuti nyenyezi ni mbaula. Cilengedwe citayamba, zaka pafupi-fupi 13.8 biliyoni zapitazo, kunali hydrogen magawo atatu mwa anayi, helium gawo limodzi, na ka lithium kocepetsetsa. Carbon wa mu malasha, oxygen amene tipuma, calcium wa m'mafupa na nsimbi ya m'magazi, zonse zinapangidwa pambuyo pake mkati mwa nyenyezi. Nyenyezi ikafa, mwa kuphulika kapena mwa kutaya gasi wake pang'ono-pang'ono, imamwaza zimene inapanga. Nyenyezi zotsatila zimabadwa mu gasi amene wasakanizika kale na phulusa limenelo.

Asayansi a zakuthambo ali na cizolowezi cimene mphunzitsi wathu wa Chemistry sakanacilola: ciliconse colemela kupambana helium amangociti metal, olo oxygen. Mu dzuwa, zonsezo pamodzi sizikwana magawo 2 pa 100 a kulemela kwake. Ife tizingoti phulusa.

Amene anakhalako kumudzi adziwa dzala, kumene amataya phulusa na zinyalala. Pa nyumba imene yakhala zaka zambili dzala limakhala lalikulu, koma pa nyumba ya banja latsopano kumalile a mudzi pamakhala kamulu cabe. Olo eni ake asakuuze, dzala lidzakuuza kuti moto wakhala ukuyaka pati kwa nthawi yaitali. Pambuyo pa 1957 funso linakhala lakuti, ngati nyenyezi zimasiya phulusa, kodi mu mlalang'amba lili pati lambili?

Cizindikilo cinali citaoneka kale, kungoti palibe anacimvetsa. Mu milalang'amba muli mitambo ya gasi yowala kumene nyenyezi zikubadwila, monga ija timaona mu Orion mu December. Mu 1942 Aller yemwe uja anapima mitambo yotele mu mlalang'amba wa M33 ndipo anaona kuti kuwala kwake kumasintha malinga na mtunda kucokela pakati. Mizele yobiliwila ya oxygen inali yamphamvu kumalile, yofooka capakati. Munthu angafulumile kunena kuti ndiye kuti oxygen ni wambili kumalile. Leonard Searle mu 1971 anaonetsa kuti n'zotembenuka. Oxygen amaziziletsa gasi, cifukwa amatulutsa kutentha kwake monga kuwala. Kumene oxygen ni wambili, gasi amazizila mpaka mizele yobiliwila ija imalephela kuwala kwambili. Kumene oxygen ni wocepa, gasi amakhala wotentha ndipo mizeleyo imawala mwamphamvu. Searle anapima milalang'amba ingapo yopinda n'kupeza zofanana: phulusa n'lambili pakati ndipo limacepa ukamapita kunja. Kwa zaka pafupi-fupi 30 yankho linali pa tebulo, litagona cagada.

Kupima mlalang'amba wathu kunali kovuta kwambili, cifukwa tili mkati mwake ndipo fumbi limatichinga. Koma pofika m'ma 1980 zinatsimikizika kuti nawonso uli conco. Dzuwa lili pa mtunda wa ma light year pafupi-fupi 26,000 kucokela pakati, ndipo light year imodzi ni mtunda umene kuwala kumayenda pa caka cathunthu. Ukacoka pano kulowela kumalile ma light year 15,000 kapena 20,000, nsimbi ya mu nyenyezi zatsopano imatsika kufika pafupi-fupi theka.

Kuona ni cinthu cina, kufotokoza ni cina. Munthu amene anacita zambili posandutsa zimenezi kukhala masamu ni Beatrice Tinsley. Anabadwila ku England mu 1941, anakulila ku New Zealand, ndipo mu 1963 anapita ku Dallas ku America cifukwa mwamuna wake anapeza nchito kumeneko. Iye nchito ya usayansi sanaipeze. Anayamba PhD ku Austin, ulendo wa makilomita oposa 300 kucokela kunyumba, pafupi-fupi monga kucoka Lusaka kupita ku Ndola, ndipo anali kupita na kubwela. Panthawiyo ambili anali kutenga milalang'amba monga zinthu zimene sizisintha kweni-kweni, cakuti Allan Sandage, mmodzi wa akulu-akulu, anali kuigwilitsila nchito monga nyale za mphamvu yodziwika popima tsogolo la cilengedwe. Tinsley anayika mu kompyuta mibadwo ya nyenyezi, zingati zimabadwa, zimakhala zaka zingati, zimasiya ciani zikafa, ndipo anaonetsa kuti mlalang'amba umasintha mtundu, kuwala na zinthu zake pamene ukukalamba, mokwanila kusokoneza mapimidwe a Sandage. Panapita zaka kuti amumvele. Ku Texas anakhala wopanda udindo woyenela mpaka 1974, pamene anacoka, ukwati unatha, ndipo ana awili amene anali kulela anatsala na atate awo. Anakhala pulofesa ku Yale mu 1978, caka comwe anamupeza na khansa ya pakhungu. Anapitiliza kulemba mpaka pafupi na imfa yake mu March 1981, ali na zaka 40. Sitiona cifukwa cokometsela nkhaniyi. Sayansi inapindula, koma mtengo umene iye analipila anzake aamuna sanapemphedwe kulipila.

Vuto limodzi limene Tinsley na anzake analimbana nalo linali la kuwelenga. Tiyelekeze kuti mlalang'amba ni bokosi lotseka: gasi yense analipo kuyambila paciyambi, palibe wolowa, palibe wotuluka. Zikanakhala conco, nyenyezi zambili zikanabadwa kale-kale gasi akali wosauka. Nyenyezi zazing'ono monga dzuwa zimakhala zaka mabiliyoni, conco zosaukazo zikanakhala zikalipo mpaka lelo, zambili-mbili. Sidney van den Bergh mu 1962 na Maarten Schmidt mu 1963 anaziwelenga m'dela la pafupi na dzuwa n'kupeza kuti n'zocepa kwambili. Yankho limene linagwila, limene Richard Larson analimbikitsa mu 1972, n'lakuti bokosi n'lotseguka. Poyamba gasi anali wocepa, conco nyenyezi zosauka zinabadwa zocepa. Gasi watsopano wakhala akugwela mkati pang'ono-pang'ono kucokela kunja, kudyetsa mibadwo yotsatila, komanso kusungunula phulusa limene lilipo, monga mmene madzi amasungunulila munkoyo.

Cinthu cina cimene Tinsley anaunikila mu 1979 n'cakuti phulusa lonse silifika pa nthawi imodzi. Nyenyezi zikulu-zikulu zimakhala zaka mamiliyoni ocepa cabe, kenako zimaphulika n'kumwaza oxygen na magnesium wambili. Koma nsimbi yambili imacokela ku kuphulika kwa mtundu wina, kwa kanyenyezi kakufa kale kochedwa white dwarf kamene kali na inzake pafupi, ndipo kumeneku kumacedwa zaka mamiliyoni mahandiledi kapena mabiliyoni. Conco nyenyezi imene ili na oxygen wambili poyelekezela na nsimbi inabadwa msanga, nsimbi isanafike. Imene ili na zonse ziwili mofanana na dzuwa inabadwila pa malo amene anayembekeza. Kuyelekezela oxygen na nsimbi kunakhala wochi, ndipo mpaka lelo ndiyo imene asayansi amaseŵenzetsa pofuna kudziwa ngati cigawo ca mlalang'amba cinamangidwa mothamanga kapena mwapang'ono-pang'ono.

Tikaphatikiza zonsezi, cithunzi cimene ambili amavomeleza n'cakuti mlalang'amba wopinda umakula kucokela mkati kupita kunja. Gasi anayamba kuunjikana pakati, kumene anapanikizana n'kupanga nyenyezi mwamsanga, mibadwo yambili. Kumalile gasi anafika mocedwa, ni womwazikana, ndipo nyenyezi zimabadwa mwa apo na apo. Ife a mu Lusaka sitifunika kufotokozeledwa zambili. Ku Kabwata na ku Matero mbaula zakhala zikuyaka kucokela nthawi ya atsamunda, pamene kupitilila Chalala anthu akali kuumba mabuloko pa mapuloti.

Kukula kwa mlalang'amba nakonso kuli na mbali. M'miyezi ya November na December, usiku wopanda mitambo, kum'mwela kumaoneka tumitambo tuwili tumene situyenda na mphepo. Tumeneto ni milalang'amba ing'ono-ing'ono, Large na Small Magellanic Cloud, imene ku Europe saiona. Waukulu uli na phulusa pafupi-fupi theka la mlingo wa dzuwa, waung'ono pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mlalang'amba waung'ono umapanga nyenyezi mocedwa, ndiponso mphamvu yake yokoka ni yocepa, cakuti nyenyezi zikaphulika phulusa lina limauluzika kupita kunja osabwelanso. Mu 2004 Christy Tremonti na anzake anapima milalang'amba 53,000 ndipo anapeza kuti lamuloli limagwila bwino: waukulu umasunga, waung'ono umataya.

Nkhani ikanathela apa ikanakhala yosalala kupitilila coonadi. Mu 2010, gulu la Lisa Kewley linaonetsa kuti mu milalang'amba imene ikuwombana, kusiyana kwa pakati na kumalile kumacepa kwambili, cifukwa kukokana kumakankhila gasi wosauka wa kunja kulowa pakati. Caka comweco Giovanni Cresci na anzake, poseŵenzetsa telesikopu yaikulu ya ku Chile, anapima milalang'amba itatu ya kutali kwambili, imene tikuiona mmene inalili cilengedwe cili na zaka pafupi-fupi 2 biliyoni cabe. Mu iyo zinthu zinali zotembenuka: pakati ndiye panali posauka. Iwo anati gasi watsopano anali kuthilidwa pakati peni-peni mofulumila kupambana mmene nyenyezi zingamudetsele. Itatu ni yocepa, ndipo milalang'amba ina yakale imene yapimidwa pambuyo pake yaonetsa zosiyana-siyana, ina yotsetseleka kwambili, ina yafulati. Cimene cikuoneka n'cakuti dongosolo limene Searle anapeza ni la milalang'amba imene yakhala zaka mabiliyoni popanda cosokoneza cacikulu.

Nyenyezi nazonso sizikhala pamene zinabadwila. Mu 2002 Jerry Sellwood na James Binney anaonetsa kuti mikono yopinda ya mlalang'amba ikhoza kusamutsa nyenyezi ma light year masauzande, kulowa mkati kapena kutuluka kunja, popanda kusiya cizindikilo pa kayendedwe kake. Cimene cimatsala ni phulusa limene inabadwa nalo, monga mmene kalankhulidwe kamaululila munthu wa ku Chipata olo akhale mu Lusaka zaka 30. Dzuwa lathu lili na nsimbi yoculukilapo kupambana mmene tingayembekezele pa nyenyezi ya msinkhu wake m'dela lino, ndipo pa cifukwa cimeneci asayansi ambili amaganiza kuti linabadwila kufupi na pakati n'kusamukila kuno. Palinso alendo eni-eni. Mu 2018, zopima za setilaiti ya Gaia zinaonetsa gulu lalikulu la nyenyezi zimene zimayenda mosiyana na zinzake, ndipo phulusa lake n'la mlalang'amba waung'ono umene unapanga nyenyezi mocedwa. Magulu a Amina Helmi na Vasily Belokurov anafika pa mfundo yakuti ni zotsala za mlalang'amba wina umene wathu unameza zaka pafupi-fupi 10 biliyoni zapitazo.

Pa maelementi onse, ife a dziko lino tingafune kufunsa za umodzi, mkuwa. Mkuwa wambili umapangidwa mu nyenyezi zikulu-zikulu, pamene tumaneutron tumamatilila pa maatomu a nsimbi amene nyenyeziyo inabadwa nawo. Ndiye kuti pafunika nsimbi ya mibadwo yakale ikhalepo coyamba. N'cifukwa cake mu nyenyezi zakale zosauka, mkuwa ni wocepa kupambana mmene nsimbi yeni-yeniyo yacepela. Kuti uunjikane ku Kopala na ku Solwezi osati kwina, imeneyo ni nkhani ya miyala na madzi a pansi pa dziko, ya zaka mamiliyoni mahandiledi, ndipo mlalang'amba ulibe nayo mbali. Koma atomu iliyonse ya mkuwa imene imakwela pa mathilaki opita ku Nakonde inali kale mu mtambo wa gasi umene unapanga dzuwa na dziko zaka 4.6 biliyoni zapitazo, pamene cilengedwe cinali citakwanitsa zaka pafupi-fupi 9 biliyoni, m'cigawo ca mlalang'amba cimene dzala lake linali litakula kale.